Liwiro la Mkamwini wa Shuga

Lolemba

Ndili ndi shuga. Ndalemba.

Adokotala a kuchipatala cha mishoni akuti ndizilemba mmene thupi likumvera. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye zilembo zikakhota, zikhote.

Mmene zinayambira: ludzu losatha. Kutaya madzi pafupipafupi. Thalauza kumasuka lokha. Kuseri kwa nyumba kumene ndimaima m'mawa, nyerere kuchita kusonkhana ngati kwabwera galimoto ya chipani.

Bambo anga ku Kaphuka anapita ndi matenda omwewa. Chitsa chinangowabaya pachala cha kuphazi, basi. Kachilonda kosapola. Kenako mwendo anadula. Kenako tinawaika. Ine ndinali ndisanayambe kumeta ndevu.

Felista wanga mano akutuluka kumene. Kuyenda sanayambe. Ndikapita pano sadzandikumbuka n'komwe.

Ndawauza adokotala kuti ine ndimalima, thupi langa si la muofesi. Iwo akuti, "Khasu munaligwira liti komaliza?" Chikololereni chimanga ndimangokhala pa chiwaya changa ku Chimbiya. Kukazinga tchipisi, kulawa. Kukazinga, kulawa. Botolo la zoziziritsa kukhosi pambali.

Andimvetsera pamtima, andimanga lamba pamkono. Akuti mtima uli bwino. Malamulo awo ndi awa:

1. Piritsi m'mawa, koma nditadya kaye. Pa njala ayi.
2. Shuga mu tiyi ayi. Thobwa ayi. Mayo ine, thobwa!
3. Nsapato nthawi zonse. Madzulo kuyang'ana mapazi.
4. Kuthamanga. Koma si kuthamanga kwa anthu abwinobwino. Kuthamanga mwamphamvu mpaka munthu atandipatsa moni ndilephere kuyankha. Kenako kuyenda pang'onopang'ono mpaka mawu abwerere. Akangobwerera, kuthamanganso. Kangapo konse. Lero inde, mawa ayi. Akuti minofu ikachita befu chonchi imadya shuga wa m'magazi.
5. Siwiti m'thumba. Ndikamva kunjenjemera ndi thukuta lozizira, ndidye msangamsanga.

Ndawafunsa: mwandiletsa shuga, mukundipatsanso siwiti? Akuti shuga akakwera amapha pang'onopang'ono, akatsikitsitsa amapha pompo.

Ndiye kuti ali ndi njira ziwiri zondifikira. Yesu Maria!

Vuto lina. Ine pano ndine mkamwini. Mudzi uno wa m'munsi mwa Chongoni ndi wa amake Felista. Nyumba ndinamanga ine, koma dothi ndi lawo, mwananso ndi wawo. Mkamwini wodwala ndi katundu. Ndipo masiku ano munthu akaonda anthu safunsa, amangokodolana. Ndikati shuga, adzati akubisa matenda aja. Akandisudzula ndinyamula khasu ndi chiwaya kubwerera ku Kaphuka. Felista atsala.

Ndiye asadziwe aliyense. Akudziwa amake Felista okha. Paketi ya shuga yomwe inali m'nyumba akasiya kwa amayi awo. Akawauza kuti kwathu kwachuluka nyerere. Sananame.

Mawa ndiyamba.

Lachiwiri

M'mawa. Nkhungu thoo, kuzizira kolowa m'mafupa. Phala ndamwa, piritsi ndameza, siwiti ali m'thumba. Ndamukhudza kawiri.

Nsapato ndili nazo za kutchalitchi zokha. Ndavala zomwezo. Amake Felista ali pakhomo: "Misa ya Lachiwiri yayamba liti, bambo a Felista?"

Ndasankha njira ya kunkhalango. Kulibe anthu nthawi ino. Kuyambira pachulu mpaka pamsuku wopindika uja.

Masana. Ndikulemba nditakhala pansi chifukwa miyendo yakana.

Kunali anthu!

Amayi a nkhuni. Ndinaiwala kuti amalawirira kuti atuluke m'nkhalango alonda asanadzuke. Anali pamzere, mitolo pamutu, kutsogolo kwanga m'nkhungumo. Ine ndikubwera kumbuyo, nsapato zili gwa gwa gwa pamiyala. Njira imeneyo wovala nsapato zolira amakhala mlonda basi.

Wina anakuwa: "Afolesiti!"

Mitolo yonse pansi. Amayi balala! Ine kumva kuti afolesiti, nanenso mtima phwii, ndinawonjezera liwiro. Ndiye tinali kuthamanga tonse, iwo patsogolo ine pambuyo, osadziwa akuthawa ndani.

Pamsuku mpweya unatha. Ndinayamba kuyenda. Amayi aja anatuluka m'matchire mmodzimmodzi. "Aa, ndi bambo a Felista! Ali kuti? Alipo angati?" Ine mawu palibe. Ndinangokupiza dzanja kuti kulibe. Iwo anaona ngati ndikuloza kumbuyo.

Anabwerera monyang'ama, kusenzanso mitolo. Pamenepo n'kuti mawu anga akubwerera. Adokotala anati akangobwerera, yambiraninso.

Ndinayambiranso.

Mitolo pansi kachiwiri!

Kachitatu mayi mmodzi wokalamba sanathawe. Anangokhala pamtolo wake. "Abwere andimange. Ndatopa ine."

Alamu anga a Dorofina, akulu awo a amake Felista, anali pagulu lomwelo. Nkhwangwa yawo yasowa m'tchire. Abwera mpaka pakhonde, manja m'chiuno.

"Alamu, chakuthamangitsani n'chiyani?"

Ndati kuzizira.

"Kuzizira n'komwe kwakuvekani nsapato za pa ukwati?"

Madzulo. Ndayang'ana mapazi. THUZA. Pachidendene chakumanja. Lalikulu ngati nyemba. Bambo anayamba ndi kochepa kuposa apa! Ndatsuka ndi madzi owiritsa, ndamanga ndi kansalu koyera. Ndikumasula n'kumayang'ana ngati lakula. Amake Felista akuti ndikamasulanso andimanga manja.

Lachitatu

Lero la ayi. Mulungu adalitse amene anaika la ayi.

Ntchafu ngati wina wazisinja mumtondo. Kuchimbudzi kunjuta ndinjuta, koma kudzuka ndachita kugwira khoma. Khomalo lagwedera. Ndinamanga ndekha, ndikulidziwa.

Ku Chimbiya ndapita wapansi pang'onopang'ono. Tsiku lonse pa chiwaya osalawa ngakhale kamodzi. Fungo likulowa m'mphuno, malovu kudzaza m'kamwa. Kodi fungo limakweza shuga? Ndikafunse. Kondakitala wa minibasi walavula: "Aise, mchere wathira ndi fosholo?" Ndidziwa bwanji osalawa?

Nkhani yafika kale kumsewu. Yandipitirira, ine ndi miyendo yangayi. Zomwe ndamva lero:

- ndayamba kusuta chamba
- alonda a nkhalango andilemba ukazitape
- ndikufuna kulowa usilikali
- mutu wazungulira

Mdala wogulitsa kabichi pafupi nane wandiyang'ana nthawi yaitali. "Kale munthu wa ndevu akamathamanga tinkadziwa kuti kumbuyoko kukubwera ogulitsa makadi a chipani, nafenso tinkaliyatsa. Pano makadi anatha. Nanga iwe ukuthawa chiyani, mwana wanga?"

Ndikuthawa mpeni wa kuchipatala chachikulu. Koma ndangoti palibe, agogo.

Siwiti alipo. Thuza silinakule. Kapena lakula pang'ono. Sindikudziwa, kuwala kunali kochepa.

Amake Felista akuti ndikawauze atsibweni awo, a Bonifasi, eni mbumba, zinthu zisanafike poipa. Ndakana. A Bonifasi ndi omwe anasudzula mwamuna woyamba wa a Dorofina chifukwa cha ulesi. Munthuyo sanali kudwala n'komwe, ankangodzuka mochedwa.

Felista wandigwira mphuno, waseka. Ndatuluka panja kuti asandione nkhope.

Mawa njira ina. Ya kudimba. Kulibe nkhuni.

Lachinayi

Ndatha ine. Ndatha!

Ndilembe mwa dongosolo.

Njira ya kudimba imadutsa kuseri kwa khola la a Bonifasi. Ndinali pakati pa liwiro, mtima uli gugugu. Iwo anali pampanda, akutsekulira ng'ombe.

"Mwadzuka bwanji, akamwini?"

Ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha.

Ndipo ine chitsiru ndinakondwa! Mumtima ndinati eya, ndafika pomwe amanena adokotala, shuga akupsa. Ndinadutsa osaima, osavula chipewa. Ndazindikira ndili kutali kuti ndadutsa eni mbumba ngati ndadutsa chitsa.

Zikanathera pomwepo. Ayi.

Kumunsi njira imapanikizika, uku tchire uku ngalande, ndipo ndi potsetsereka. Ulendo wachiwiri wa liwiro unandipeza pamenepo. Mame ali ponseponse, nsapato za kutchalitchi pansi pake n'posalala. Kukhota pakona, maso anga pa chitenje chobiriwira.

Apongozi.

Chikwatirireni sitinayang'anepo m'maso. Ndikawaona patali ndimapatuka, kunjuta kuseri kwa chitsamba mpaka adutse. Iwonso amatembenuzira nkhope kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, kapena galu, kapena mtengo, ine n'kumva. Ndiwo ulemu wake, ndipo sindinaulakwirepo.

Lero ndinawalunjika ngati ng'ombe yolusa.

Anali ndi dengu la nyemba pamutu. Mabuleki palibe. Ine kupatukira kumanzere, iwonso komweko. Ine kumanja, iwonso. Pomaliza iwo anadumphira m'tchire, ine m'ngalande, dengu m'mwamba. Nyemba waaa, ngati matalala.

Tchirelo munali chitedze.

Kuwadzutsa sindingathe, ndingawagwire bwanji? Kupepesa sindingathe, mawu palibe. Kuwayang'ana sindingathe. Ndinangogona chafufumimba m'ngalandemo, nkhope m'matope, kudikira kuti mwina nthaka itseguka.

Ndinawamva akudzuka. Akudzikanda. Kenako anati, "Nyemba inu, dzitoleni nokha. Ine ndaona zokwanira."

Anapita.

Nyembazo ndatola ine mpaka dzuwa kufika pamutu. Theka ndi miyala.

Madzulo. A Bonifasi atumiza mawu: Loweruka ankhoswe akumane. Uthenga wapita kale ku Kaphuka kwa achimwene anga ndi munthu wa njinga wogula mbatatesi. Apongozi akuti adzola phulusa thupi lonse, akungodzikanda ndi chitsononkho.

Amake Felista alira. Kenako akalipa. "Munena inu kapena ndinene ine?" Ndagwada. Ndati dikirani, ndipeza mawu ena. Mawu ake ati? Sindikudziwa.

Ndikuyang'ana katundu wanga m'nyumba muno. Khasu. Chiwaya. Wailesi yopanda mabatire. Zonse zikwana panjinga imodzi. Mwana yekha ndiye sakwera nawo.

Siwiti wanyowa ndi madzi a m'ngalande. Ndamuyanika padenga, kenako ndamubwezera m'thumba la thalauza.

Lachisanu

Lero linayenera kukhala la ayi. Koma la dzulo silinathe bwino, ndinangothamanga kawiri. Shuga sadziwa za apongozi. Iye akungokwera.

Nzeru yabwera: m'nyumba! Kuthamanga pamalo amodzi, osapita kulikonse. Mulibe nkhuni, mulibe moni, mulibe chitedze. Bwanji sindinaganize Lolemba?

Amake Felista apita kuchigayo, mwana kumsana. Ndatseka chitseko, ndapiringidza. Pawindo ndatsekapo ndi thumba. Malaya ndavula.

Masana.

Sindikudziwa kuti ndinalakwira ndani.

Ndinayamba bwinobwino. Maondo m'mwamba, di di di di. Kupuma wefuwefu. Kenako chete, kuzungulira pang'onopang'ono. Kenako di di di di. Malo ndi ochepa, bondo limagunda bedi, bedi n'kumalira. Miyendo itayamba kukana ndinayamba kuilimbikitsa mokweza: "Tiyeni, musatope! Kamodzi kokha! Komaliza aka, palibe akutiona!"

Nditamaliza ndinatsegula chitseko kuti ndipume. Thukuta kamukamu, chifuwa pamtunda.

Pakhonde: a Dorofina ndi amayi ena awiri. Mmodzi ali ndi munsi.

"Atuluke."

Ndati ndani?

"Alamu, mng'ono wanga ali kuchigayo, ndamuona ndi maso angawa. Amene mumamuuza kuti asatopeyo atuluke."

Analowa okha. Pansi pa bedi. Kuseri kwa matumba. Anavundukula ngakhale dengu, ngati munthu angakwanemo. Anapeza nkhuku yathu yofungatira, itathawa mazira, ili pamwamba pa mtanda ikunjenjemera.

"Wadumphira pawindo."

Windo lathu ngakhale mphaka amaganiza kaye asanalowe.

Milandu ya mawa tsopano yafika apa:

- kubalalitsa amayi a nkhuni
- nkhwangwa
- kusayankha moni wa eni mbumba
- apongozi, nyemba, chitedze
- mkazi wosaoneka

Amake Felista atabwera a Dorofina anawachingamira panjira. Ine ndinali nditakonzeka kufa. Koma amake Felista atalowa, atandiyang'ana, anayamba kuseka. Kuseka mpaka kukhala pansi, ufa kutayika pang'ono. "Mkazi wake uti angakupirireni inu, befu lake limenelo?"

Kenako anaona pansi. Anazira dzana lomweli, dothi lakuda lokatenga kudambo. Pakati ponse pakumbika ngati pogona nkhumba.

Kuseka kunatha.

Sindikumva njala. Felista wagona atagwira chala changa. Mwina mawa nthawi ngati ino ndidzakhala ndikukankha njinga kukwera ku Kaphuka.

Loweruka

M'mawa. Phala lakana kutsika. Ndayesa, likubwerera. Piritsi lokha ndameza, kuti lamulo limodzi ndisunge. Ndavala thalauza la suti ndi jekete. Munthu azisudzulidwa akuoneka bwino.

Achimwene afika ndi njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Moni wawo: "Iwe, wayamba kusuta?"

Akutiitana.

Madzulo. Ndili moyo. Dzanja ndi lofooka koma ndilemba, ndingaiwale.

Tinakhala pansi pa mpichesi kwa a Bonifasi. Amuna pamipando, amayi pamphasa, ine pansi. Apongozi kuseri kwa nkhokwe, msana kuloza kuno, makutu ali tcheru. Kumpanda anthu osaitanidwa ndiye osawerengeka.

A Bonifasi anayala milandu umodziumodzi, osafulumira. Pomaliza anati, "Tikumva kuti kunja kuno kwabwera ufulu wa matipate, aliyense achite chomwe akufuna. Ufuluwo uli ku Boma uko. Pamudzi pano mkamwini amayankha moni."

Achimwene anapepesa, anapepesanso, akundiponda phazi. Phazi la thuza!

A Bonifasi anati ndiyankhe. Ndinati ndi mankhwala. Akuchipatala ndiwo anandilamula kuthamanga.

"Mankhwala a chiyani?"

Ndinati a thupi.

Anthu anaseka. A Dorofina: "Ndi a dzulo aja analinso a thupi?"

A Bonifasi sanaseke. "Ine ndakalamba, mankhwala ndawaona akumwa, odzola, obaya, otemera. Othamanga sindinawaone. Tationetsani."

Ndinavula jekete. Kuchokera pakhola mpaka pampichesi. Ndinathamanga ndi mtima wonse, kuti aone kuti si masewera. Kenako kuyenda. Kenako kuthamanganso. Ana kumpanda anayamba kuwomba m'manja. Kuyenda. Wina anati, "Taonani, waiwala chomwe amathawa." Kuthamanganso. "Wakumbukira!"

Pamenepo ndi pomwe zinayamba. Manja kunjenjemera. Thukuta, koma lozizira, ngati andithira madzi a pachitsime. Mtima kugunda mosokonekera. Mpichesi unakhala iwiri. Ndinadziwa. Lamulo lachisanu! Dzanja m'thumba.

Korona wopempherera. Mpango. Basi.

Siwiti anatsala m'thalauza la masiku onse.

Ndinafuna kunena, lilime linali ngati chigamba cha bulangete. Maondo anapinda okha. Ndinkamva mawu ngati ali kutsidya kwa mtsinje. "Khunyu! Chotsani ana!" "Waledzera ameneyo." "Musamukhudze!" Mumtima ndinati ndi imeneyi njira yachiwiri ija, ya pompo. Ndinafuna kuona Felista koma khosi linakana kutembenuka.

Kenako mawu a amake Felista, okuwa ngati sindinawamvepo: "Ndi shuga! Ali ndi matenda a shuga! Watsika! Amayi, paketi ija!"

Zotsatirazi ndachita kuuzidwa. Akuti apongozi anathamanga. Apongozi! Mayi woyenda ngati wanyamula mazira, anadutsa pakati pa bwalo, pamaso pa amuna onse, chitenje atakwinya m'manja. Anabwera ndi kapu ya madzi atasungunuliramo shuga. Amake Felista manja anali kunjenjemera, mwana akulira kumsana, madzi kumangotayika. Achimwene angoti kakasi. A Dorofina akupemphera.

Ndiye apongozi anagwada, ananyamula mutu wanga, kuutsamiritsa pabondo pawo. Nkhope atatembenuzira kuphiri.

Ichi chokha ndinamva ndekha: "Kapu iwe, uwauze ameze. Pang'onopang'ono."

Ndinameza. Kutsekemera! Ndinamezanso. Patapita kanthawi mpichesi unabwerera kukhala umodzi. Pamwamba panga ndinaona chibwano ndi khutu, zonse zokandikakandika ndi chitedze. Nditazindikira kuti ndi za ndani ndinatsinzina msanga. Ndinakhala chotsinzina mpaka ananditula pamphasa n'kubwerera kuseri kwa nkhokwe.

Anandipatsa mbatata yootcha. Ndinadya pamaso pa bwalo lonse ngati mwana.

Achimwene ndiwo analankhula. Anafotokoza za bambo, za chitsa, za mwendo. Sindinawaonepo akulira chimwalirire bambo. Kenako ananditembenukira: "Ndiwe chitsiru. Ukanafa ndi chinsinsi chako m'thalauza lina."

A Bonifasi anakanda pansi ndi ndodo. "Mawa, Misa ikatha."

Sananene kuti ndikhala. Sananene kuti ndichoka.

Lamulungu

Phala ndamwa lonse. Ndisanameze piritsi, mawu a a Dorofina kuchokera kuseri kwa mpanda: "Alamu, mwadya?" Ndati ndadya. "Onetsani mbale." Ndaonetsa pamwamba pa mpanda.

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Amayi akundiyang'ana kumapazi. Ena akukodolanabe, amenewo sangasiye. Potuluka mnzanga wandipatsa chipanda cha thobwa mwachizolowezi, mayi wina yemwe sindimudziwa n'komwe wachilanda m'manja mwanga. "Mukufuna kutigweranso?"

Pobwerera ndaona chitenje chobiriwira patali. Ndapatuka, ndanjuta kuseri kwa chitsamba. Iwo atembenuzira nkhope kumbali, adutsa. Ngati dzulo kunalibe.

Chigamulo cha a Bonifasi:

- Sindichoka. Ndilembenso. Sindichoka.
- Nkhuku kwa apongozi. Nkhwangwa kwa a Dorofina. Za mkazi wosaoneka zathetsedwa, koma a Dorofina akuti windo alikumbukira.
- Kuthamanga pamudzi pano n'koletsedwa. Kunjira ya nkhalango n'koletsedwa. Kudimba n'koletsedwa. M'nyumba, amake Felista aletsa okha.

Ndinafunsa mwaulemu kuti nanga mankhwala anga?

A Bonifasi anati aliganizira. "Akuchipatala akufuna muzichita befu, kenako muzipuma, kenako befu. Si choncho?" Ndati ndi choncho. "Khola langa ladzaza manyowa. Munda wanga wa mbatatesi uli pamwamba paphiri apo. Pokwera muzifulumira ndi thumba pamsana. Potsika muziyenda pang'onopang'ono, chimanjamanja. Lero inde, mawa ayi, monga ananenera adokotala anu. Mukalephera kuyankha moni muli ndi thumba pamsana, palibe angakwiye."

Anthu onse anavomera kuti ndi nzeru.

Manyowa akatha, a Dorofina ali ndi njerwa zofunika kukwera kumtunda. Akatekisiti akuti mchenga wa tchalitchi uli kumtsinje. Mayi wokalamba wa nkhuni uja wafunsa ngati mankhwalawa amalolanso mitolo. Sindinkadziwa kuti pamudzi pano zinthu zonse zili kumunsi ndipo zikufunika kumtunda.

Ndikapita kuchipatala ndikafunsa ngati thumba la manyowa likuloledwa. Ndikanenanso za piritsi la pa njala, andikalipire. Za thumbalo ndikudziwa kale yankho. Adzati n'zabwino kwambiri.

Mantha sanathe. Shuga alipo, sapita kulikonse. Koma nanenso sindikupita.

Achimwene anyamuka, njinga yopanda katundu.

Ndakhala pakhonde, miyendo yonse ikuwawa. Felista wakwawa, wakwera, wagona pantchafu yopweteka kwambiriyo. Mwendo wachita dzanzi.

Sindimuchotsa.